Wotchetcha Bwalo la Ndege ku Bangula

Masabata awiri ndakhala ndikutchetcha bwalo ili,
ine ndi chikwakwa changa chomanga ndi mphira.
Ndagumula zulu zinayi, ndakwirira maenje,
miyala ya m'mbali ndaipaka laimu
mpaka yayera ngati mano a mkwati.
Ng'ombe za a Fombe ndazichonderera:
lero lokha, kadyereni kwina.

Dzuwa la kuno silidikira mwambo.
Pofika naini koloko linali litatiwotcha kale m'mitu,
ana asukulu atandanda kuseri kwa chingwe,
akabaza atatsamira njinga zawo,
amayi a masawu ndi mafilizesi akukuwa mitengo,
kansalu kosonyeza mphepo kali lende pamtengo
ngati thalauza loiwalika pachingwe.

Kenaka kulira, cha kumapiri a Thyolo.
Kadontho. Kadzombe. Kandege!
Koyamba koyera, kachiwiri kachikasu ngati papaya,
kachitatu kanadumpha kawiri kasanakhazikike,
anthu onse: eee!
Fumbi langa lomwe, udzu wanga womwe,
zonse m'mwamba.

Ife ndege timazidziwa pa tsoka.
Zimabwera madzi akatenga mudzi,
zitanyamula ufa, mabulangeti ndi anthu olemba maina.
Koma izi zabwera chabe,
ngati mlamu wodzacheza Loweruka.

M'kachikasuko munatuluka mtsikana,
Lufina Thole, kwawo akuti n'ku Tengani konkuno.
Sanayambe ndi akuluakulu a pamipando.
Anaponda pansi, napondanso, nafunsa:
watchetcha ndani?
Ndinabisa chikwakwa kumbuyo.
Anati, bambo, matayala anga sanamve ndi mwala womwe,
bwerani mudzaone ntchito yanu.

Chitseko chake n'chopepuka ngati chivundikiro cha ndowa.
Anandimanga lamba, nandiveka zakumakutu,
ine mapazi ali ndi udzu,
malaya akununkha thukuta la masabata awiri.
Chapamphuno chija chinazungulira mpaka kusowa.
Tinathamanga, tinathamanga,
kenaka dziko linangotisiya.

Mimba inatsala pansi, ndisaname.

Bwalo langa lonse, lija landithyola msana,
kanali kamzere ngati mphini pa tsaya.
Shire ali gone, kunyezimira, ngati sanaphepo munthu.
Pa Mtayamoyo mabwato ngati makoko a mtedza,
mvuu zisanu m'dambo, akakowa ngati mpunga wotayika,
migwalangwa yaima payokhapayokha
iliyonse ndi chithunzi chake.

Ndinaloza kutsidya, ku Makhanga.
Iye sanafunse, anangopendeketsa phiko.

Ndinafuna denga, ndinafuna khola,
ndinafuna mtondo umene Jowakina ankasinjira mapira.
Mchenga wokhawokha, woyera, wosalala,
Ruo anasesa bwino kuposa ine.
Koma mtengo wa bwemba ulipo.
Uli pomwepo, wakwiririka mpaka m'chiuno,
ndipo pansi pake pali munthu wovala zofiira,
sindikumudziwa, wabzala chimanga
pomwe panali chipinda chathu.
Anakweza khasu kutipatsa moni.
Ine ndinakweza dzanja, ngati angandione.

Tizungulirenso? anatero mawu m'makutu.
Ndinati ayi, mafuta ndi odula.

Potsika ndinaona chulu chimodzi chimene ndinaphonya,
chakumapeto, kumanzere, pafupi ndi mtengo wa mtsangu.
Manyazi anandigwira kuposa mantha.

Madzulo zinanyamuka imodziimodzi,
kachikasu komaliza, kakugwedeza mapiko.
Ndinanena chapansipansi, takhuta,
m'chinenero cha amayi ake ndi anga.
Ana anatsala akuthamanga manja ali tambasu,
akulira ngati injini, akugwa m'fumbi.
Mdzukulu wanga Zuze wandifunsa kasanu
ngati kumwamba kumazizira.

Ndatola mapepala a mafilizesi, ndapinda chingwe.
Ng'ombe za a Fombe zabwerera kale,
zikudya pomwe panatera ndege.
Mawa m'mamawa, dzuwa lisanakwiye,
ndikagumule chulu chija.