Mipopi ya Kumtunda

Ola lachitatu usiku, ku Gulupu,
Dorika wa ku Bangwe wakhala pa bedi la fiyeta,
wapinda msana monga ndamuuzira,
chibwano pachifuwa, manja akumbatira mimba.
Chala changa chikuwerenga mafupa a msana
kufuna kakhomo pakati pa awiri.
Singano yalowa. Kadontho koyera katuluka.
Mankhwala apita.

"Miyendo yatentha," akutero.
"Eya, amayamba choncho. Gonani chagada."

Anthu amati ntchito yanga nkugonetsa,
koma muno palibe wogona.
Dzanzi lakwera mawondo, ntchafu, ladutsa mchombo,
ndikumukhudza ndi thonje lozizira: apa? nanga apa?
Dokotala Mwachande wavala magolovesi,
akudikira kuti ndigwedeze mutu.

Tikumukankha pa tirole muja anandiuza
kuti kwawo nkumtunda, m'munsi mwa phiri lenilenilo,
kumene madzi amafika pomaliza.
A kumunsi akatsegula mipopi yawo onse pamodzi
wake umangotsokomola mpweya,
ndowa ili kukamwa yasa.

Sindinamuuze kuti jakisoni wangayu
amachitanso zomwezo.
Mitsempha ya kumiyendo yamasuka yonse,
magazi atsetserekera kumunsi kukacheza,
mtima ukutunga m'chitsime chosadzaza,
ndipo kumtunda kuli mutu wake,
kuli mwana amene sitinamuone nkhope.

Lamba wa pamkono wafufuma, waphwa.
118.
Wafufumanso. 94.
Dorika wayasamula.

Kuyasamula kumeneko ndimakudziwa,
si tulo ayi.
"Adokotala, nseru."
Milomo yatuwa, thukuta lamera pamphumi,
pamkono pake magazi akugunda ngati ulusi
woti ukaukoka uduka.
72.

Sisitala Namathanga, pendeketsani bedi kumanzere!
Nsalu yokulunga ija, pansi pa chiuno chakumanja,
mimba ichoke pa mtsempha waukulu
ngati lole yoima pa paipi.
Diripi ndatsegula mpaka mapeto,
thumba ndikulifinya ndi dzanja langa.
Efedirini ndinatungiratu tisanayambe,
ndinalemba dzina pa sirinji ndi bolopeni yakutha,
poti kufunafuna botolo nthawi ngati ino
nkusoka ambulera mvula ili pamutu.
Pang'ono chabe. Ndidikire.

"Dorika, ana muli nawo angati?"
"Awiri."
"Mayina awo?"
Sindikufuna mayinawo,
ndikufuna mawu ake asazime.
"Tiyesere... ndi Lonjezo."

Makina awa ndi okalamba, amaganiza nthawi yaitali.
Wotchi ya pakhoma inafa chaka chatha.
Ndikuwerenga ndekha, chala pa mtsempha,
ndipo pansi pa chalapo
ulusi uja ukusanduka chingwe.
88.
Ndiwonjezere pang'ono.
106.

Madzi afika kumtunda.
Milomo yabwerera mwakale,
wandiyang'ana ngati wobwera ku ulendo
amene sakudziwa kuti anachokapo.
Ndagwedeza mutu. Mpeni wayamba.

Kuseri kwa nsalu yobiriwira kuli zitsulo,
kuli kukoka, kuli "finyani apa",
kenako bata lalifupi lija
limene aliyense muno amadana nalo,
kenako kulira,
kokwiya, konyowa, kofuna zake.

"Wamkazi!"
Dorika akuseka, misozi ikulowa m'makutu.
Ine sindiyang'ana mwana, ena alipo a ntchitoyo.
Mankhwala okhwimitsa chiberekero ndikupereka mwakachetechete,
dontho ndi dontho,
poti nawonso ukathamanga nawo amagwetsa zomwe wadzutsa.
112. Ndalemba pa pepala.

Sadzadziwa dzina langa,
adzakumbukira chigoba cha kumaso ndi mafunso opanda pake.
Zili bwino.

Kwacha. Minibasi ya ku Chilomoni yadzaza,
kondakitala akukangana ndi mayi wa chenje.
Ndafika, ndavula nsapato pakhomo,
ndapita kuseri kukasamba m'manja kachikumi.
Ndapotokola mpopi.
Watsokomola kawiri, wakhala chete.
Ndaima pomwepo, chala changa pa paipi,
ndikuwerenga.