Kaundula wa Anyamata

Landira makiyi, Esinala. Kabatiyi imavuta,
uziikankha ndi bondo.
Muli mabuku asanu ndi anayi m'menemo
ndipo onsewo dzanja ndi langa.

Loyambali n'lopyapyala ngati chiphaso cha kuchipatala.
Chaka chimenecho anyamata analipo khumi ndi asanu ndi awiri,
ena ndevu zitamera kale.
Alufandika uyu anali ndi mkazi kwa Tengani
koma tonse tinatseka pakamwa.
Fizi inkabwera yomangidwa pakansalu,
ikununkha mankhwala a thonje,
ndipo chaka chimene mbozi zadya thonjelo
tsamba linkatsala loyera
kuyambira pakati mpaka pansi.

Apa inki yasintha mtundu.
Ndi nthawi ya nkhondo kutsidyaku.
Taona maina: Zuze, Juwaki, Minezhi,
anabwera mphasa zili pamutu,
masamu akuwerengera m'Chipwitikizi.
Mfuti zitazizira anawoloka kubwerera kwawo.
Tsiku limodzi ndinadula maina khumi ndi atatu
ndipo usiku wake sindinadye.

Pulayimale itakhala yaulere tinamva mkokomo uli kutali,
monga amachitira Ruo mvula ikagwa kumapiri
kuno dzuwa likuswa mtengo.
Patapita zaka zisanu ndi zitatu madziwo anatipeza.
Desiki la awiri, anayi.
Ena pawindo, miyendo ili panja.
Ndinakapempha buku lina chaka chisanathe,
a hedi n'kundifunsa ngati ndikudya mapepala.

Lotupali usalitsegule mwankhanza.
Linagona m'madzi masiku atatu
pamene Shire analowa m'kalasi osagogoda.
Maina anasungunuka, anasanduka mitambo yabuluu.
Ndinawalembanso kuchokera m'mutu,
koma alipo awiri amene mpaka lero sindiwakumbuka,
ndipo palibe anabwera kudzadandaula.

Mzere wa atsikana wakwera, ndipo ndikuwomba m'manja.
Iwe wemwe uli m'buku lachisanu ndi chimodzi,
pomwe pali dontho la tiyi apo.

Koma anyamatawa.
A kuboma akabwera ndi galimoto yozizira m'kati
amafuna nambala imodzi basi,
ndipo nambalayo imakweradi, sindinama,
ajambula mzere wopita kumwamba, aseka, apita.
Safunsa kuti a Folomu Wanu aja
amene anadzaza tsamba mpaka m'mphepete
n'chifukwa chiyani pofika Folomu Folo
akukwana pachikhatho.
Ndowa ikudzaza pamjigo
koma ili ndi chiboo kunsi.

Ine ndimadziwa kumene madziwo amadonthera.
Ena ali ku Nchalo, chikwanje m'manja,
nkhope zakuda ndi mwaye wa nzimbe.
Ena ali m'bwato kudambo, akuvuula nyika,
ng'ona zikuwawerenga m'malo mwa ine.
Wina anatumiza chithunzi ali ku Joni,
wavala jekete lalikulu kuposa iye.
Mkulu wake ali ndi satifiketi m'sutikesi
ndipo amagulitsa mayunitsi pa Bangula,
ndiye ukamuuza mng'onoyo kuti sukulu ndi chuma
amangokuyang'ana.

Lachiwiri lapitali ndinakwera kabaza pa Ngabu.
Wopalasayo msana wake unali wonyowa, sanatembenuke.
Titadutsa pamlatho anati,
"Akalaliki, dzina langa likadalimo?"
Anali Lapukeni, amene ankakhoza sayansi
mpaka aphunzitsi kumuopa.
Ndinati likadalimo.
Ndalama yanga analandira, chenji n'kundipatsa yonse,
n'kubwerera kukasaka wina.

Sindinamunamize.
Tsegula lomalizalo, tsamba lachinayi, uone wekha.

Tsono chimene ndikusiyira n'chimodzi, mwanangu,
ndipo sichili m'malamulo a unduna.
Dzina uzilemba ndi inki.
Koma mawu oti "wasiya"
uziwalemba ndi pensulo, mopepuza dzanja.
Labala ili m'kachitini ka machesi umo.
Pa zaka zonsezi ndaigwiritsa ntchito kasanu ndi kawiri.
Yatsala yaikulu ndithu.