Mphindi Khumi ndi Zisanu

Namwino wandibaya chala,
kadontho kamodzi basi,
wati ndidikire mphindi khumi ndi zisanu.
Ine amene ndinapirira masiku atatu m'basi
kuchoka ku Dedza, kudutsa Tete, mpaka Park Station,
mphindi izi zandikulira.

Foni ikunjenjemera m'chikwama.
Ndi amayi. Sinditsegula, ndikudziwa kale:
feteleza wakwera mtengo,
denga likudontha pomwe amagona Ndaziona,
kusukulu akufuna yunifolomu.
Achimwene nawo aponyapo awo:
"Anzako a ku Joni akukhoma malata,
iwe unapitira chiyani?"

Iwo amadziwa kuti ndimaluka tsitsi ku Yeoville.
Ndinalukadi, miyezi isanu,
mpaka mwini saluni anaona kuti masiku a m'pasipoti atha,
nadula malipiro pakati,
nati ndikasume ngati ndili ndi mtima.
Lendi sadziwa pasipoti.
Ndinapeza loko wachilendo pachitseko changa,
zovala zili m'kati.

Edesi wa ku Balaka ndiye anandibwereka siketi
ndi nsapato zazitali zondithina.
Anati: dzina lako lenileni usatchule,
ndalama uziyamba walandira,
kondomu ikhale yako, osati yake.
Usiku woyamba ndinasanza kuseri kwa hotelo ku Hillbrow.
M'mawa ndinatumiza marandi mazana asanu,
amayi anandiimbira nyimbo ya kutchalitchi pafoni.

Koma kunabwera Juni,
kuzizira kolowa m'mafupa, misewu ili zii.
Bambo wa jekete lachikopa anati:
popanda, ndiwirikiza kawiri.
Tsiku limenelo Ndaziona anali m'chipatala, malungo.
Ndinawerengera. Ndinatsinzina.
Masamu ake musandifunse.

Edesi amasunga mankhwala ake m'botolo la panado,
amamwa alamu ikalira eyiti koloko.
Wanenepa, amaseka,
akuti kachilombo ndi lendi ina chabe,
ukamalipira tsiku ndi tsiku sakutulutsa.
Mwina akunena zoona.
Ine chondisowetsa tulo ndi pakamwa pa anyamata a mathiraki
amene amanyamula katundu wathu ndi mbiri zathu pamodzi
n'kukatsitsa zonse pamsika kwathu.
Omwe adya thukuta langa adzapukuta pakamwa
n'kunena kuti anakatola yekha,
ankafuna zapamwamba.

Pabenchi pano tili asanu ndi mmodzi.
Wina wa ku Bulawayo akuluma chikhadabo,
wina wagona, wigi yapendekera.
Palibe akuyang'ana mnzake.
Panja matakisi akuliza mahutala
ngati kuti m'kati muno simukuchitika kanthu.

Mzere umodzi, kapena iwiri.
Kaya.
Lendi ndi Lachisanu basi,
feteleza sadikira mizere.

Namwino watsegula chitseko,
waitana dzina lija ndinamupatsa,
waitananso kachiwiri,
ine ndangokhala phee, manja pamaondo,
ndaiwala kuti mwini dzinalo ndine.