Mipata Iwiri Yopanda Kanthu

Chinabwera pa lole ya thonje, m'makatoni atatu,
sitima ikadalira ku Chiromo.
Mutu pawokha, mimba payokha,
ndi thabwa la mano azilembo palokha.
Bambo anga, a Alufazema, kalaliki wa pa sikelo ku Bangula,
anazilunzanitsa ndi nthambo
lilime lili panja ngati mwana wolemba dzina lake koyamba.

Chinkadzuka m'mawa uliwonse chitaiwala kuti ndi yani.
Ankachimwetsa disiki yolobodoka ngati tsamba la fodya,
n'kutseka kachitseko.
Chinkakukuta, kutsokomola, kuganiza,
kenako kadontho kobiriwira n'kuyamba kuphethira pakona,
kudikira.
Pakamwa penapo ankalowetsa alimi:
Zuze Fombe, mabelo awiri.
Mainala Thole, ngongole ya mankhwala yatsala.

Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo,
kafani ka m'mimba mwake kankapuma wefuwefu ngati galu.
Bambo ankachikupiza ndi kaundula wakale,
yemwe uja chinamulanda ntchito,
thukuta lawo likudontha pa chilembo cha Z.

Tsiku lina chinachita khungu.
Ndinagwirizira zomangira zinayi m'chikhatho
iwo akuvundukula chivindikiro.
Ndinkayesa ndiona ubongo.
Ndinaona timatabwa titaima ndondolo, kalikonse mumpata mwake,
ngati anthu m'bwato la pa Mtayamoyo:
aka ka maso, aka kokumbukira,
aka koyankhula ndi makina osindikiza malisiti.
Kumapeto, mipata iwiri yopanda kanthu.

Nanga iyi?
Ya alendo, anatero. Amene anachipanga
ankadziwa kuti sanadziwe zonse.

Anazula ka maso kaja ngati chinangwa panthaka yonyowa.
Kena kanachokera ku Blantyre patatha masabata asanu,
katakulungidwa m'nyuzipepala, m'thumba la kondakitala.
Anakakankha ndi zala zamanthu ziwiri. Khetye!
Kadontho kaja kanabwerera.
Khasu likathyoka mpini, iwe, sutaya khasu.

Lero ndimakonza mafoni pansi pa khonde ku Ngabu.
Amabwera omatidwa ndi ulimbo, opanda khomo,
ndimawatenthetsa kaye kuti avomere kutseguka,
ndipo nthawi zambiri ndimangoti: mayi, gulani ina.

Chaka chatha mlonda anandilola kulowa m'nyumba yosungira katundu ija.
Chilipo, pansi pa masaka owola.
Madzi osefukira anachilemba mzere wa matope pamimba,
mutu unapita, thabwa la mano linapita,
a Zuze ndi a Mainala anapita ndi ngongole zawo,
bambo ali kuseri kwa msewu, pansi pa mtondo.
Zomangira zitatu zinamasuka. Chachinayi ndinachithyola.

Timatabwa tija tikadaima m'bwato mwawo, dzimbiri m'mapazi.
Ndipo m'mipata iwiri ija
mavu anamanga nyumba zadothi,
zipinda zisanu ndi ziwiri, zomata bwino.

Ndinabwezera chivindikiro pang'onopang'ono
kuti ndisadzutse alendo.