Mphepo ya M'thupi

Mayi Ranchod anandigwira pamkono,
zala zitatu pamtsempha,
makina osokera atangotseka pakamwa.
Akuti, "Mwanawe, mwa iwe mwachuluka mphepo."
Ndinaseka.
Ndani sadzaza mphepo mu Juni wa ku Joni,
mwezi wong'amba milomo ndi zidendene?

Koma ankanena mphepo ina,
ija imandidzutsa tambala asanaganize zolira,
kuno kopanda ndi tambala yemwe,
kundiwerengetsa ndalama zomwe sindinalandire:
lendi, fizi ya Tiyanjane ku Ntcheu,
chidindo cha m'pasipoti chomwe chinafa chaka chatha
ine n'kumayendabe ndi mtembo wake m'chikwama.

Akuti kwawo, m'nzeru yotchedwa Ayuveda,
munthu ndi mbaula ya zinthu zitatu:
mphepo, moto, ndi madzi okanda dothi.
Mphepo ikachuluka moto umangothetheka,
suphika kanthu.
"Leka kudya buledi wozizira uli chiimire.
Khala pansi. Idya chotentha dzuwa lili paliwombo."
Anandipatsa jinja, chikasu,
ndi kabotolo ka mafuta a chitowe
koti ndizidzola kumapazi pogona,
ine amene chitowe ndinkachidziwira m'ndiwo basi.

Makatani ndasoka zaka zisanu ndi chimodzi ku Fordsburg,
otchinga mazenera a nyumba zomwe sindidzalowamo.
Msana wanga unatengera mpando,
khosi linatengera singano.
Tsono Lachiwiri lina, titatseka shopu,
anayala chiguduli pakati pa mipukutu ya nsalu,
mayi wa imvi uja, n'kupindika
mpaka chipumi kupsompsona maondo.
Ine poyesa, mafupa anadandaula mokweza
ngati geti ya dzimbiri.
"Usalimbane nalo thupi," anatero,
"si wapolisi. Pumira pamene pakuwawapo."

Tsopano ndimakwera padenga la fulati yathu ku Mayfair
mdima usanasamuke,
pakati pa zingwe zoyanikira
ndi mabulangete a anthu a mayiko asanu.
Ndimatseka mphuno imodzi, kukoka mpweya,
kutseka inayo, kuumasula.
Pansi mataxi ayamba kale kutukwanana,
kutali milu ya migodi yatuwa
ngati manda opanda mwini.
Agogo aamuna anasiya mapapo awo pansi pamenepo;
ine ndikuphunzira kugwiritsa ntchito anga.

Ndimaima ndi mwendo umodzi.
Akuti umenewu ndi mtengo.
Mtengo wanji wogwedezeka chonchi,
wozulidwa kwawo ndi mizu yomwe?
Ndimagwa. Nkhunda zimandiyang'ana cham'mbali.
Ndimaimanso.

Felesiya, mnzanga wogawana naye chipinda,
anandipeza manja ali m'mwamba
n'kugwetsa ndowa.
"Wayamba kupembedza dzuwa, iwe wa kwaya?"
Ndinati ayi, ndikungowongola
chimene Mulungu anaumba chowongoka.
Sanakhutire. Anandipempherera usiku wonse,
mokweza,
koma mawa lake anapempha mafuta aja
poti naye zidendene.

Sindinama:
chidindo chija sichinauke,
lendi yakwera,
ndipo galimoto ya apolisi ikachedwa pakona
moto umalumphabe kuchoka m'mimba
kudzakhala pakhosi.
Kungoti tsopano ndimaudziwa dzina.
Ndimawerenga: kulowa, kanayi;
kutuluka, kasanu ndi kamodzi,
mpaka ubwerere pamafuwa pake.

Dzulo magetsi anathima ntchito ili pakati.
Anzanga anayamba kung'ung'udza mu mdima.
Ine ndinapezeka ndangokhala,
manja pamaondo,
ndikumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka
ngati mlendo wosafunsidwa mapepala pachipata.
Atayaka,
ndinatola ulusi wobiriwira
womwe masiku onse umandizunza,
n'kuulowetsa pasingano kamodzi kokha.
Mayi Ranchod sanaone.
Anali kalikiliki kukangana ndi kasitomala
za mtengo wa leyisi.