Chikhatho Chimodzi Pamwamba pa Mzere

Madzi a Lunyangwa anatichezera Lachiwiri usiku,
osagogoda.
Pochoka anasiya mzere wa matope pakhoma,
wowongoka kuposa umene a Zgambo amajambula ndi levulo.

Khomalo si la njerwa.
Ndi bolodi la jipisamu lomwe tinagula ku Luwinga
chaka chimene Vinjeru anakana kugona chipinda chimodzi ndi mlongo wake.
Ndalidina, chala chalowa
ngati m'chinangwa choviika.

"Tidula chikhatho chimodzi pamwamba pa mzere,"
atero a Zgambo, pensulo ili kukhutu.
"Madzi amakwera mobisa, mayi,
ngati chiwongoladzanja cha katapila."

Mpeni ukuyenda, khoma silikulira n'komwe.
Likungogwa zibenthuzibenthu,
lolemera, lonunkha thumba la simenti lonyowa.
Kuseri kwake kwatuluka supuni imene ndinanamizira wantchito,
mabatani awiri, mphemvu zakufa chagada,
ndi dzina la Suzgika lolembedwa ndi kirayoni,
S wake atayang'ana kumbuyo.
Limenelo lapita pa wilibala.

Ndafunsa ngati titseke lero.
A Zgambo agogoda thabwa, apukusa mutu:
"Mukatsekera chinyezi, chidzakubwezerani m'chifuwa."
Ndiye tidikire dzuwa,
kuno ku Chibavi, mu Epulo,
kumene nkhungu ya m'mawa imalowa pazenera
kudzaona mbale wake, nkhungu ya pathabwa.

Masiku naini khoma lili lendelende, lopanda miyendo.
Ndili pabedi ndikuona mapazi a chipinda chinacho.
Vinjeru ndi ine sitinayankhulane bwino chichokereni mayeso,
koma mapazi ake ndawaloweza:
akula, zidendene zang'aluka ngati za malemu bambo ake,
ndipo usiku amaima nthawi yaitali pamalo amodzi.
Tsiku lachisanu anakankhira kapu ya tiyi
kudzera pansi pa khoma.
Shuga anachulutsa. Ndinamwa.

Bolodi latsopano labwera pa kabaza,
woyendetsa akutukwana mphepo ya pa Katoto.
Sikuluwu, tepi, pulasitala, sandipepa,
fumbi loyera m'nsidze za a Zgambo.
Msoko sukuoneka, akutero,
ndipo alandira ndalama yawo, yotsala kumapeto kwa mwezi.

Koma ndikayendetsa chikhatho ndimaupeza,
kamtunda kakang'ono, m'munsi mwa chiuno.
Usiku uno yayambanso pamalata.
Ndakweza matiresi pa tebulo,
ndagogoda khoma kawiri.
Ndikumvetsera.