Kansalu Koyera

Mbandakucha, ndisanakoleze moto,
ndimatsegula kabokosi n'kutulutsa kansalu koyera
kosaloledwa kupukuta china chilichonse,
ngakhale mamina a mwana wanga.

Ndimayamba ndi tate, kenako mwana wake.
Khoma lonse ndi lawo.
Akuti tisiyiretu malo a msomali wa mdzukulu.

Mayi Ryom a komiti amalowa osaodira,
n'kuyendetsa chala pamwamba pa felemu.
Kafumbi chabe kakhoza kutisamutsira ku migodi ya malasha.

Kuno ku Chongjin chisanu chimang'amba milomo.
Chaka chimene chimanga cha boma chinaleka kubwera,
mwamuna wanga Pong-chol anagona osadzukanso.
Chithunzi chake, chochepa ngati bokosi la machesi,
chimakhala pansi pa masokosi.
Iyeyo ndimampukuta ndi chala.

Kusukulu anatiuza kuti za mafumu zinatha,
dziko ndi la ogwira nyundo ndi chikwakwa.
Dzulo Un-byol, akumanga kampango kofiira m'khosi, anafunsa:
"Amayi, mwana wa Mtsogoleri akakula
adzagwira ntchito yanji?"
Ndinamtseka pakamwa ndi dzanja lonunkha kabichi.
Wailesi ya pakhoma, yopanda pozimitsira,
inapitiriza kutamanda.

Pa maliro a Mtsogoleri ndinalira mpaka mawu kusasa,
diso limodzi likuyang'ana ngati mnzanga akundiposa.
Misozi inali yeniyeni.
Ndinachita kubwereka kwa Pong-chol.

Magalasi awala tsopano.
Ndikasendera pafupi ndimadziona,
nkhope yanga yonse
itakwana m'tsaya limodzi.